Zinthu Zosawola Pakhomo Panu

Amayi, pamene mwakhala pansi kudikira kuti mwana wanu akwere sikelo, tayang'anani zimene mwabwera nazo. Buku la kuchipatala mwalikulunga m'jumbo kuti mvula isaliwononge. Kapu ya mwana ndi yapulasitiki, nsapato zake chimodzimodzi. Kunyumba mwasiya ndowa, chigubu cha madzi ndi neti yoteteza ku udzudzu, ndipo mwina pakona pali botolo la parafini ndi paketi ya mankhwala othira m'chimanga. Agogo a amayi anu ali atsikana, zambiri mwa izi kunalibe. Iwo ankatunga madzi mumtsuko, kumwera m'chikho, kupetera m'lichero ndi kugona pamphasa. Mtsuko ukasweka unkabwerera ku dothi. Lichero likatha, chiswe chinkamaliza ntchito.

Zinthu zatsopanozi zatipeputsira moyo, ndipo palibe wa zaumoyo amene angakuuzeni kuti muzitaye. Koma ziri ndi khalidwe limene ziŵiya za makolo zinalibe: zambiri siziwola, ndipo zina zikaloŵa m'thupi sizituluka msanga. Mayi wolera mwana wosakwana zaka zisanu ayenera kudziŵa kumene zinachokera ndi kumene zimathera.

Zinayamba bwanji?

Nkhaniyi inayamba ndi malungo. M'chaka cha 1856, mnyamata wina wa ku London wa zaka 18, dzina lake William Perkin, anayesa kupanga kwinini. Masiku amenewo kwinini ankachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo anali wokwera mtengo. Perkin anaganiza zompanga kuchokera ku phula lakuda lotsala akawotcha malasha. Kwinini sanatuluke. M'botolo mwake munatsala matope akuda, koma potsuka anaona kuti akutulutsa utoto wofiirira umene unkagwira bwino pa nsalu. Chaka chotsatira anatsegula fakitale ya utoto, ndipo akatswiri ambiri anazindikira kuti m'malasha, kenaka m'mafuta okumbidwa pansi, muli chuma chopangira zinthu zimene sizinamerepo m'munda kapena m'nkhalango.

Mu 1907 Leo Baekeland, Mbelgium wokhala ku America, anapanga pulasitiki yoyamba yosachokera ku chomera kapena nyama. Mu 1933 akatswiri a ku England anapeza mwangozi pulasitiki yotchedwa polythene, imene lero amapangira majumbo, ndowa ndi zigubu. Mu 1935 kunabwera nayiloni. Mankhwala a malungo amene Perkin analephera anadzapangidwa ndi ena: chloroquine anapangidwa ku Germany mu 1934, ndipo anachiza anthu kuno kwathu kufikira 1993, pamene Malaŵi inamsiya chifukwa tizirombo ta malungo tinali titamzoloŵera. Mu 1950 dziko lonse linapanga mapulasitiki okwana matani 2 miliyoni. Mu 2022 linapanga matani pafupifupi 400 miliyoni.

Kodi nchifukwa ninji pulasitiki siwola? Taganizirani mikanda. Mkanda umodzi ndi kanthu kochepa, koma mukatunga mikanda zikwizikwi pa ulusi umodzi mumapeza chingwe chachitali. Akatswiri amatenga tizigawo tating'ono kwambiri ta m'mafuta, tosaoneka ndi maso, naatilumikiza m'zingwe zazitali zolukanalukana. Tsamba la nthochi nalonso liri ndi zingwe zake, koma tizirombo ta m'nthaka timadziŵa kuzidula chifukwa takhala tikuzidya kuyambira kalekale. Zingwe za pulasitiki nzachilendo kwa ito. Dzuŵa limangoiumitsa pulasitiki, nisweka tizidutswa ting'onoting'ono tosakanikirana ndi dothi ndi madzi, koma sitisanduka manyowa. Ndicho chifukwa mukamalima pamene kale panali dzala, khasu limafukula majumbo amene munataya mwana woyamba asanabadwe.

Phunziro la DDT

Mwa mankhwala onse opangidwa ndi anthu, palibe amene anatamandidwa ndi kudzudzulidwa ngati DDT. Mu 1939 Paul Müller wa ku Switzerland anapeza kuti ufa woyera umenewu umapha tizirombo modabwitsa: ntchentche ikangotera pakhoma lopoperedwa, ngakhale patapita masabata, inkafa. Kuchiyambi kwa 1944, mkati mwa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, mumzinda wa Naples ku Italy munali mliri wa typhus, nthenda yofalitsidwa ndi nsabwe. Anthu oposa miliyoni imodzi anathiridwa ufawu m'zovala, ndipo mliri unatha. Müller analandira mphotho ya Nobel mu 1948, ndipo mu 1955 Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse linayamba nkhondo yofuna kuthetsa malungo podalira DDT. Miyoyo yambiri inapulumuka. Zimenezo tisaziiŵale.

Vuto linabisala m'chinthu chomwecho chimene anthu ankachitamanda, ndicho kusatha mphamvu. Alimi atayamba kumwaza DDT m'minda ikuluikulu, mvula inamkokolera m'mitsinje. DDT sasungunuka m'madzi, koma amakonda mafuta. Tizirombo ta m'madzi tinamdya pang'ono. Kansomba kakadya tizirombo tambiri, kankasunga DDT wa tonseto m'mafuta ake. Nsomba yaikulu ikadya tinsomba tambiri, inkasunga wochuluka koposa. Pamapeto panali mbalame zodya nsomba, zonga nkhwazi, zimene zinayamba kuikira mazira a zikamba zopyapyala, ongosweka make akawakhalira. Mayi wina wa sayansi wa ku America, Rachel Carson, anafotokoza za kuopsa kumeneku m'buku lake la Silent Spring mu 1962. Ambiri anamnyoza, koma mu 1972 America inaletsa DDT m'minda. Mu 2001 maiko anapangana ku Stockholm kuthetsa mankhwala 12 osatha msanga, nalola DDT pa ntchito imodzi yokha, yopopera m'nyumba polimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda monga udzudzu.

Munthu nayenso ali kumapeto kwa mndandanda wa zodyana umenewu, ndipo madokotala a m'maiko ambiri anapeza DDT m'mafuta a anthu ndi mumkaka wa m'maŵere. Pano ndiyenera kunena momveka, pakuti mau oterewa akafika kuchitsime amasanduka mphekesera. Musaleke kuyamwitsa. Mkaka wa m'maŵere uposabe chakudya china chirichonse cha khanda, ndipo mwana wochotsedwa kubere msanga ali pangozi yaikulu ya kutsekula m'mimba ndi kunyentchera. Yamwitsani bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pitirizani mpaka zaka ziŵiri. Chimene tikuphunzira nchakuti zimene zaloŵa mwa mayi zikhoza kufika kwa mwana. Chotero mayi wapakati kapena woyamwitsa asasakanize kapena kupopera mankhwala a m'munda, kaya ndi a thonje, a fodya kapena a m'dimba. Ntchitoyo agwire abambo kapena munthu wina wamkulu, atavala zodzitetezera, ndipo zovala zake zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi mateŵera.

Mwana si munthu wamkulu wofupika

Mwana wa chaka chimodzi wolemera makilogalamu 10 amadya, kumwa ndi kupuma zambiri kuposa atate wake tikayerekeza ndi kukula kwa thupi. Chiŵindi ndi impso zake, zimene ntchito yake ndi kusefa zoipa m'magazi, sizinakhwime. Ubongo wake ukukula. Amakwaŵa pansi pamene fumbi limagwera, ndipo chirichonse chimene dzanja latola chimapita kukamwa. Mlingo wa mankhwala umene ungangozunguza mutu bambo ukhoza kupha mwana.

Mbewu yautoto

Chakumapeto kwa 1971, dziko la Iraq linalandira tirigu ndi barele wambiri wambewu kuchokera kunja. Mbewuyo inali yopakidwa mankhwala a mekyule oteteza ku chuku, ndipo inali ndi utoto wofiira wochenjeza. Koma inafika mochedwa, alimi ambiri atabzala kale. Machenjezo a pamatumba anali m'Chingelezi ndi Chisipanishi, zinenero zimene anthu akumidzi sankaŵerenga. Mabanja anatsuka tiriguyo, utoto unachoka, ndipo iwo anayesa kuti poizoni wachokanso. Ena anayamba apatsa nkhuku, naona kuti sizinafe. Sanadziŵe kuti mekyule amagwira ntchito mwakachetechete kwa masabata. Anapera ufa, naphika buledi. Mu 1972 anthu oposa 6,500 anagonekedwa m'zipatala ndipo 459 anafera komweko. Ena anachita khungu, ena anapuwala, ndipo ana amene anali m'mimba anabadwa ndi ubongo wowonongeka.

Mankhwala a mekyule aja analetsedwa m'maiko ambiri, koma mbewu ya chimanga yautoto imene mumagula m'sitolo iri ndi mankhwala ena ophera tizirombo ndi chuku. M'miyezi ya njala, ufa ukatha, mtima umanena kuti, "Tingotsuka, tikagaitse." Amayi, madzi amachotsa utoto; samaliza poizoni. Mbewu yautoto nja m'nthaka basi. Musaidye, musapatse nkhuku, ndipo musalole ana kuseŵera nayo, pakuti kwa iwo ikuoneka ngati masiwiti.

Chimanga chodya nacho chimafuna nzeru. Ufa woteteza ku anankafumbwe, monga Actellic, uthiridwe pa mlingo wolembedwa papaketi, osapyola, ndipo chimangacho chipetedwe bwino chisanapite kuchigayo. Mankhwala a thonje kapena a fodya sayenera kukhudza chakudya ngakhale pang'ono. Palinso mapilisi otuŵa amene ena amaika m'matumba a chimanga. Mapilisiwo akakhudzana ndi chinyontho cha mumpweya amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosphine, ndipo ngoyenera kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosungiramo katundu mosagona munthu. Kuwaika m'matumba ali m'chipinda chimene ana amagona ndi kuika imfa kumutu kwa mphasa. Ngati simutha kuŵerenga zolembedwa papaketi, funsani alangizi a zaulimi kapena a zaumoyo. Safunsa anadya phula.

Botolo ndi chigubu

Pa ntchito yanga yoyendera makomo, chimene chimandiopsa koposa si mankhwala a maina aatali, koma botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lothiramo parafini. Ndimalipeza kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, pambali pa mtsuko wa madzi. Ndikafunsa, yankho limakhala limodzi: "Ana akudziŵa." Wa zaka zisanu ndi ziŵiri akudziŵadi. Koma wa miyezi 18 akudziŵa chinthu chimodzi chokha, kuti m'botolo lotere mumakhala zotsekemera. Parafini amaoneka ngati madzi, ndipo m'mwezi wa Okutobala mwana waludzu safunsa. Nanga mwana wa mnansi wobwera kudzaseŵera, anamuuza ndani?

Chimodzimodzi ndi timibulu takuda tophera makoswe timene ambiri amatitcha tameki. Mankhwala ameneŵa anapangidwira tizirombo ta m'munda, ndipo ali m'gulu la oopsa kwambiri. Amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina, ndipo anthu amawasakaniza ndi nsima kapena usipa naika pansi, pamene khoswe ndi mwana wokwaŵa amadutsa njira imodzi. Msampha kapena mphaka ndi bwino.

Parafini, mankhwala a m'munda, ophera makoswe, oyeretsera zovala, ngakhale mapilisi a kuchipatala, zonsezi zikhale m'chotengera chake chenicheni chokhala ndi chizindikiro, chotsekedwa zolimba, pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pa mtondo. Ngati pali bokosi la loko, ndiye bwino koposa. Zisakhale pamodzi ndi ufa, mchere kapena shuga. Chithunzi cha chigaza ndi mafupa aŵiri opingasa chitanthauza poizoni wakupha. Aonetseni ana okulirapo kuti achidziŵe.

Chigubu cha mankhwala chikatha chimakopa, pakuti ncholimba ndipo chiri ndi chotsekera chabwino. Ndaonapo zigubu zotere zikutungira madzi, zina zikusunga thobwa, zina mafuta ophikira. Pulasitiki imamwa mankhwala m'thupi mwake monga mphika wadothi umamwera mafuta, ndipo imawabweza pang'onopang'ono m'chimene mwathiramo. Phulusa, mchenga ndi sopo sizichotsa zonse. Chigubu chotere chitsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe m'pampu yopoperera kuti akathere kumunda, osati kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Kenaka chibooledwe kuti wina asachitole, ndipo alangizi akuuzeni kotayira. Madzi akumwa asungidwe m'ndowa imene inagulidwira madzi, yokhala ndi chivundikiro.

Utsi ndi majumbo

Nkhuni zikanyowa, amayi ambiri amakolezera moto ndi jumbo kapena chidutswa cha patapata. Moto umayakadi msanga. Koma amene amapuma utsi wakudawo poyamba ndi khanda liri kumbuyo, nkhope yake iri paphewa panu. Utsiwo umapsereza timitsempha ta mpweya ndi kukulitsa chifuŵa ndi mphumu. Mapulasitiki ena, makamaka a mapaipi ndi okutira mawaya a magetsi, akapsa amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene ali pa mndandanda uja wa ku Stockholm. Iyenso, monga DDT, amakhazikika m'mafuta a thupi. Amatsalira m'phulusa ndi m'dothi, ndipo nkhuku zofukula padzala zimamloŵetsa m'mazira. Sungani zitsononkho, makoko a mtedza kapena udzu wouma pakhonde kuti zikhale zokolezera. Musavundikire mpunga kapena mbatata ndi jumbo pamoto; tsamba la nthochi likadalipo. Phala lotentha la mwana lipakulidwe m'mbale kapena m'kapu yolimba yopangidwira chakudya, ndipo mumdyetse ndi supuni, osati m'botolo la nsonga ya mphira limene ndi lovuta kutsuka.

Jumbo lopyapyala liri ndi ngozi inanso yofulumira: mwana akalivala kumutu poseŵera limamatirira pamphuno ndi pakamwa, ndipo mphindi zochepa zikwanira. Mbuzi ndi ng'ombe zikalimeza limatseka m'mimba. M'ngalande limaimitsa madzi, udzudzu nuswana. Mu 2015 boma linakhazikitsa lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60, ndiko kunena opyapyala ngati tsitsi limodzi, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi lamulolo. Inu musadikire wapolisi. Popita kumsika tengani dengu kapena thumba lansalu.

Neti

Pali chinthu chimodzi chimene pulasitiki ndi mankhwala ophera tizirombo zakumana kuti zipulumutse mwana wanu, ndicho neti imene mumalandira kusikelo. Ulusi wake ndi wapulasitiki. Mankhwala ake akuluakulu anatengera nzeru ku duŵa la pyrethrum lolimidwa ku Kenya ndi Tanzania, limene limapha tizirombo koma mphamvu yake imatha msanga padzuŵa. Mu 1973 akatswiri a ku England anapanga mtundu wolimba wotchedwa permethrin, ndipo ina inatsatira. Mlingo wa mu neti ngwokwanira kupha udzudzu, koma ngwochepa kwa munthu. Neti yatsopano iyanikidwe pamthunzi tsiku limodzi musanagonemo, kuti isayabwe khungu. Ichapidwe mwa apo ndi apo ndi sopo wamba, m'beseni, ndipo iume pamthunzi. Mankhwala omwewo ndi poizoni kwa nsomba, ndipo maso a neti ngaang'ono kotero kuti amakokolola ndi ana a nsomba omwe. Neti imene yapita kunyanja kapena yatchinga dimba yasiya mwana pa udzudzu.

Ngozi ikachitika

Mwana akamwa parafini, musamsanzitse. Ambiri amalakwa pomwepa chifukwa cha chikondi: amamloŵetsa chala kukhosi, kapena kummwetsa madzi a mchere, mkaka, mazira aaŵisi kapena mafuta ophikira. Parafini ali m'mimba savulaza kwambiri; ngozi yake iri m'mapapo. Dontho limodzi likapita njira ya mpweya limafalikira monga limachitira pansalu, ndipo limayambitsa chibayo choopsa. Kusanza ndiko kumamtsegulira njira imeneyo. Mvuleni zovala zonunkha parafini, msambitseni ndi sopo, ndipo pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, pakuti kutsokomola, kubanika ndi kutentha thupi zikhoza kuyamba patapita maola angapo.

Mankhwala a m'munda ndi tameki ali ndi zizindikiro zawo: malovu ochuluka, thukuta, misozi, kusanza, kutsekula m'mimba, kunjenjemera kwa minofu, kupuma kwa phokoso, ndi mwana wa diso kuchepa ngati nsonga ya singano. Mankhwalaŵa amaloŵa ndi pakhungu pomwe, choncho vulani mwanayo ndi kumsambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutakuta manja anu. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15. Ngati mwana wafooka kapena wakomoka, mgonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke, ndipo musammwetse kanthu. Musataye nthaŵi ndi mankhwala azitsamba kapena kudikira abambo abwere kuchokera kumunda. Itanani mnansi wa njinga. Kuchipatala kuli jekeseni ya atropine yolimbana ndi poizoni wa mtundu umenewu, ndipo imathandiza kwambiri mwana akafika msanga.

Ponyamuka tengani botolo, paketi kapena kapepala kamene munali mankhwalawo, mutakamanga bwino kutali ndi mwana. Musachite manyazi kapena mantha kuti akakudzudzulani. Uzani adokotala chimene mwana wamwa, kuchuluka kwake monga mukuganizira, ndi nthaŵi imene anamwa.